Paipi ndi Mawaya a ku Machinjiri

Ntchito yowotcherera anandipezera ndi alamu anga, nditatha chaka chonse ku Bangwe osagwira kanthu. Anandipititsa kwa a Alufandika, bambo a ku Nsanje amene anali ndi shedi kuseri kwa msika, yopangira mageti ndi mafulemu a mawindo.

Sabata yoyamba lodi, kandodo kowotcherera, inkangomatirira pachitsulo. Ndikaikoka, moto kuzima. A Alufandika anandigwira dzanja.

"Gogoda, kenako kweza pang'ono. Usakhudzitse," anatero. "Mpweya wozizira sulola magetsi kudutsa. Koma ukatentha kwambiri umawanyamula ngati waya. Moto wowotcherera umakhala pakampata kameneko."

Ndinazolowera, ngakhale maso ankandiwawa ngati mwalowa mchenga chifukwa galasi la chigoba chathu chotchinga kumaso linali long'aluka.

Mwezi wachisanu tinapita ku Machinjiri kukamanga nsanja ya thanki ya madzi panyumba ina. Mawaya akuluakulu a magetsi ankadutsa pamwamba pa mpanda wa nyumbayo. Ine ndinawaona, koma sindinanene. Ndinati munthu wokhalitsa pantchito wawaona kale, komanso ndinkaopa kuoneka wodziwa kwambiri.

A Alufandika anandituma kukatenga chingwe kugalimoto, iwo n'kuyamba kuimika okha paipi ya mamita sikisi m'dzenje. Pamene ndinkatembenuka, nsonga yake inali itatsala pang'ono kufika pawaya. Sindinaione ikukhudza. Ndinangoona kuwala koyera, phokoso ngati nsalu ikung'ambika, moto ukutalika mumpweya kutsatira paipi imene inkagwa. Utazima, a Alufandika anali gone, nsapato zikufuka utsi.

Mwini nyumba anathamanga nawo kuchipatala. Anapulumuka, koma mkono wamanja anaudula m'chigongono.

Nditapita kukawazonda ndinaulula.

"Bwana, mawaya aja ndinawaona."



"Ine sindinawaone," anatero. "Maso anga anali padzenje."

Sanandikalipire. Shedi inatsekedwa, makina anagulitsidwa, iwo n'kubwerera ku Nsanje ndi banja lawo.

Lero ndili ndi shedi yanga ku Zingwangwa. Tikafika pamalo, tisanatsitse chitsulo chilichonse, ndimayang'ana kumwamba. Kenako ndimafunsa aliyense chimene waona, ngakhale amene wayamba ntchito dzulo, ndipo ndimadikira mpaka ayankhe.

Nambala ya a Alufandika ndili nayo mufoni. Nthawi zina ndimaitsegula, kuiyang'ana, n'kubweza foniyo m'thumba.