Kabudula Woyera wa Laison

Mvula ya Novembala ku Walsall, kuno ku Ulaya, si yodzalira chimanga. Imangowaza tsiku lonse, kufuna kuti munthu avale majuzi awiri ndi kuumitsa nsapato pa hita. Mabwalo a mpira a m'mapaki amasanduka madambo.

Laison Chawe ndinamudziwira kwathu ku Mponela. Ankasewera kumbuyo, nambala faifi, mu ligi ya m'chigawo chapakati, kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitayamba kuoneka. Ligi yaikulu ankangoimvera pa wailesi. Anyamata amene iye anawaphunzitsa kuima pabwalo ankatengedwa ndi matimu a ku Lilongwe, iye n'kumatsala, kumakwera lole yomwe ija kupita ku Madisi ndi ku Ntchisi.

Mabwalo akwathu m'chilimwe ndi ouma gwa, timiyala pamwamba. Wotchinga amene adzigwetsa pansi amasiya khungu la ntchafu pomwepo. Choncho Laison anazolowera kulanda mpira ali chilili: kudikira, kumukankhira mdani kumzere, kenaka kumuchotsa mpira kuphazi mwakachetechete. Masewera ankatha kabudula wake ali mbee.

Kuno anabwera pa viza ya ntchito yosamalira okalamba. Mkati mwa sabata ankanyamula anthu, kuwasambitsa, kuwaveka. Lamlungu ankasewera mu timu ya Amalawi ndi Azambiya, mu kaligi ka m'paki. Chimenecho ndicho chinali chake m'dziko lino. Zina zonse zinali za abwana.

Kochi wa timuyo ndi Gray, nesi wa ku Nuneaton, mwana wa dzana uja. Iye khama amaliyeza ndi matope. Tsiku lina atagonja, anawaimika anyamata pamzere n'kumayang'ana makabudula.

"Madala, inu mumasewera kapena munabwera ku ukwati?" anatero, anyamata n'kufa nako kuseka.

"Wadutsa mbali yanga ndani lero, achimwene?" anafunsa Laison.

"Sindikufuna mbiri ya ku Mponela. Kuno timaslaida, timadziponya pansi polanda mpira. Sabata yamawa ndikaona kabudula woyera, mukhala pa benchi mpaka sizoni ithe. Mnyamata wathu Everton alipo, ali ndi mapapo."

Ine ndinali pomwepo, nditagwira ambulera, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa. Munthu wadya fumbi la mabwalo moyo wake wonse, lero azikayesedwa ngati zovala za pachingwe? Ndipo womuyesayo ndi nesi, wodziwa bwino lomwe kuti bondo la munthu wamkulu silichira ngati la mwana, ndiponso kuti wosamalira okalamba akalephera kugwada ntchito imatha, viza n'kupita nayo limodzi.

Pabasi ndinamuuza kuti, "Zisiyeni, akulu. Benchi siipha munthu."

"Ndinakhalapo pa benchi liti ine?" anayankha, maso ali pawindo.

Lamlungu lotsatira anasewera ku Whitmore Reans. Kunazizira, mitengo ili mbulanda. Chigawo choyamba Laison anasewera monga mwa masiku onse, ndipo mbali yake kunali zii. Popuma Gray anangoyang'ana kabudula wake, kenaka anauza Everton kuti ayambe kuwongola miyendo.

Laison anaona. Atangobwerera m'bwalo, kamnyamata ka timu inayo kanathamanga ndi mpira cha kumzere, kumene sikakanapweteka munthu. Laison anadziponya m'matope, mwendo kutsogolo, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Mpira anaupeza. Nsapato inakanirira m'dothi, thupi linapitirira, bondo linalira tonse tikumva.

"Eyaa! Zimenezo, madala!" anakuwa Gray, akuomba m'manja. Analeka ataona kuti munthuyo sakudzuka.

Tinamutulutsa awiri, matope thupi lonse. Everton analowa. Masewera anapitirira, chifukwa bwalo linali loti ena alowemo ikakwana thwelofu. Mpira wa Laison unathera pamenepo, popanda mluzu, popanda wonena zikomo.

Kuchipatala anakana kupita. Anati akapita amulembera masabata opuma, ndipo abwana sachedwa kupeza wina. Anamanga bondolo ndi bandeji, pamwamba n'kuvala buluku lotakasuka.

Lolemba kunacha ndi chisanu choyera pamagalimoto. Laison anakwera basi yoyamba kupita kuntchito. M'chipinda cha a Albert, nkhalamba ya miyendo yotupa, anagwira m'mphepete mwa bedi, anatsika pang'onopang'ono ndi bondo lamoyo, linalo ataliwongolera kumbali. Anawaveka sokosi ya kumanzere, kenaka ya kumanja, n'kumanga zingwe za nsapato.