Foni ya Achimwene Inali M'chikwama Changa

Pepani poyamba, ine si mlembi. Ndine Deliwe, mphunzitsi wa sayansi ku Thambani, ndipo tsamba ili ndalilemba kanayi poopa kunamizira munthu. Ngati ndalakwitsa dzina la chipangizo, vuto ndi langa, osati la achimwene anga, a Laston.

A Laston anayamba ndi kukonza mawailesi pakhonde la sitolo pamsika wa Thambani. Ataphunzira zamagetsi ku Blantyre, anapeza ntchito pa yunivesite ina ku Joni, yosamalira makina a NMR. Makinawa, monga anandifotokozera, amazindikira zimene zili m'kati mwa mankhwala. Umathira madontho m'kachubu kagalasi n'kukatsitsira mumgolo wautali kuposa munthu. Mumgolomo muli maginito amphamvu, amene amagwira ntchito pokhapokha atamira m'heliyamu wamadzi, wozizira koopsa.

"Ali ngati khanda, iwe," ankatero akabwera patchuthi. "Ndikalowa m'mawa ndimayamba ndayang'ana paipi ya pamwamba. Mpweya ukamatuluka, ndiye kuti akupuma."

"Ndiye alamu athu ndi amenewo?" ndinkawaseka.

"Omwewo! Koma salongolola ngati iwe."

Mayi athu atamwalira, amalume a Timoti anagamula kuti anamfedwa aamuna asagwire foni mpaka tsiku lometa. Achimwene anandipatsa yawo. "Sunga. Zakuntchito zokha undiuze."

Tsiku loika maliro, masana, foniyo inanjenjemera m'chikwama changa. Mnzawo wakuntchito analemba kuti mpweya wasiya kutuluka papaipi ija, geji yoonetsa kupanikizika kwa mpweya m'kati ikukwera. Ndinawerenga, ndipo ndinamva tanthauzo lake. Sindinganame kuti sindinamve. Ndinawaona achimwene pakati pa azibambo, mutu uli pansi. Kuti ndiwafikire, ndinayenera kudzuka pakati pa azimayi n'kudutsa bwalo lonse, nyimbo ili m'kati. Ndinati ithe kaye nyimbo. Kenako ndinati tibwere kaye kumanda. Kenako ndinati mawa. Foni italira kachisanu, anthu akucheuka, ndinaizimitsa.

Anali madzi oundana chabe, atatseka paipi. Anandiuza okha pambuyo pake: kulowetsa kachitsulo kofunda pang'onopang'ono, basi, ndipo akanatha kumulangiza mnzawoyo pafoni. M'malo mwake mnzawoyo, pochita mantha, anatsegula valavu yotulutsira mpweya mwaphuma. Heliyamu anawira yense n'kutuluka ngati utsi woyera, maginito n'kufa. Akuluakulu anati wosamalira makina anasowa pa nthawi yofunika. Ntchito inatha, patatha zaka khumi ndi zinayi akuigwira.

Lero amakonza mafoni a madalaivala a mathiraki pamalire a Mwanza, pakathebulo, pansi pa ambulera. Za maginito satchulanso. Mwezi watha ndinakawaona, ndipo ndinawafunsa mozungulira ngati amaganizabe za Joni.

"Aaa, netiweki ya ku Thambani ndi imene inandipha, chemwali," anatero, maso ali pa kawaya kamene ankawotcherera. "Uthenga unangochedwa kulowa. Palibe wolakwa."

Anandithirira manachesi m'jumbo kuti ndidye panjira. Ndinalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza.

Papita zaka ziwiri ndili chete, osawauza kuti uthenga uja unalowa nthawi yabwino ndipo ndinauwerenga. Loweruka ndikwera galimoto yoyamba kupita kumalire, ndikawapatse tsamba ili asanaliwerenge wina aliyense. Ndikawapeza ali ndi kasitomala, sindidikira kuti achoke.