Duwa Limene Linaphimba Baji

A Susana Nachisale anabadwira m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri, kumalire a Dowa ndi Ntchisi, kumene mphepo ya mwezi wa Juni imang'amba ana milomo. Sukulu analekezera Sitandade 3. Ali mtsikana anakagwira ntchito yochapa m'nyumba ya dona wina wa ku mishoni, ndipo kumeneko anaonako zinthu ziwiri zimene sanasiyane nazo mpaka kukalamba: kangowe kolukira ulusi, ndi duwa la m'dimba la donayo lotchedwa kaneshoni, lothithikana, m'mphepete mwake muli manomano ngati mwalumidwa ndi mbewa.

Dona uja atabwerera kwawo, kangowe kanapita naye. A Nachisale anatenga sipoko ya njinga, kuinola pamwala, n'kuipinda kunsonga. Ulusi ankaupeza pomasula majuzi akale, n'kuuviika m'madzi otentha kuti uwongoke. Poluka ankayamba ndi kachingwe kakafupi. Pabowo lililonse ankalowetsapo ngowe katatu, mzere wotsatira chimodzimodzi, mpaka kansaluko kayambe kukwinyika kokha chifukwa chosowa malo. Akatero ankakakulunga, kumanga kunsi ndi ulusi wobiriwira, duwa latha.

Kwathu kuno maukwati amachuluka anthu akagulitsa fodya, nthawi imene mapiri apsa ndi lupsa ndipo duwa lenileni silioneka. Choncho panalibe mkwatibwi wolowa m'tchalitchi wopanda maluwa a a Nachisale m'manja. Amuna awo anapita ku Joni n'kutchona, kuwasiya ndi mwana mmodzi, Kalebe. Mwanayo ndinamuphunzitsa ine. Anali wamanzere, wolemba mopendekeka, ndipo akayamba nthabwala ankayamba kuseka yekha asanaimalize. Anaphunzira mpaka anakhala mphunzitsi, ndipo m'chilimwe cha 1973 anamanga ukwati ndi Ester, mtsikana wa ku Dzoole.

Pa ukwati wa mwana wawo a Nachisale analuka maluwa oyera a akwati, aperekezi ndi akulu a mpingo. Mapini omangira maluwawo anatha asanafike pa mkwati mwiniwake. Masiku amenewo wogwira ntchito m'boma sankayenda wopanda baji ya chipani pachifuwa, ndipo Kalebe anali nayo pajekete. Mayi ake anaona kuti bajiyo ili ndi pini yake kumbuyo. Anaimasula, kukolekapo duwa, n'kuitsekanso.

"Amayi, lakula kwambiri ili," anatero Kalebe akuseka. "Anthu aziti ndanyamula kabichi."

"Khala chete, ukhale ngati munthu lero. Wanga yekha ndiye avale kakang'ono?"

Duwalo linali lalikulu ndithu. Poyenda linaweramira pansi n'kuphimba nkhope yonse ya mtsogoleri wa dziko imene inali pabajipo.

Tcheyamani wa nthambi ya chipani m'dera lathu anali a Yeremiya, munthu wa golosale, wokonda kulankhula mofatsa. Iwo sanapatsidwe duwa, pakuti sanali mkulu wa mpingo. Anakhala pabenchi panja, atazungulidwa ndi anyamata awo a malaya ofiira. Akwati atatuluka, anamukodola Kalebe ndi chala.

"Aphunzitsi, tabwerani tione kukongola. Kodi pansi pa ulusiwu pali chiyani?"

Kalebe anayang'ana pachifuwa pake, nakweza duwa lija msanga. "Pepani bambo, langotsetsereka."

"Latsetsereka lokha? Ulusi wa masiku ano ndi wanzeru. Ukudziwa nkhope yoti uiphimbe."

Anyamata aja anaseka. A Nachisale anafika n'kugwada pafumbi. "Ndamanga ndine, a tcheyamani. Mapini anatha. Mwanayu sanadziwe kanthu."

"Inu mayi simunapite kusukulu, sitingakuimbeni mlandu. Koma uyu amaphunzitsa ana athu. Kaya m'kalasimo amawaphunzitsa kuphimba chiyani." Anaimirira, kusasa thalauza lawo. "Pitirizani kuvina. Ukwati ndi chinthu chabwino."

Anthu anavinadi, poti kusiya kukanakhala mlandu wina. Sabata lisanathe, Landirova inaima pasukulu imene Kalebe ankaphunzitsa. Anamutenga m'kalasi choko chili m'manja, ana akuona. Mlandu sunazengedwe, ndipo palibe anauzidwa kumene anapita naye.

A Nachisale anayenda wapansi mpaka ku boma kukafunsa, nabwezedwa pakhomo. Abale a Ester anabwera kudzatenga mwana wawo mwakachetechete. Amayi amene ankakhala ndi a Nachisale pabenchi limodzi m'tchalitchi anayamba kusiya mpata pakati. Pa maukwati a chaka chotsatira akwatibwi ananyamula maluwa a mapepala, pakuti panalibe wofuna kuonedwa ndi ulusi wa nyumba imeneyo. Sindikuwaweruza. Aliyense anali ndi ana ake.

Atasowa kolowera anapita ku golosale kwa a Yeremiya, nagwada pakhonde.

"Nkhani ya mwana wanu ndi yaikulu," anatero a Yeremiya akuyeza mchere. "Komabe akuluakulu amamva ine ndikalankhula. Chofunika n'choti aone kuti banja lanu lalapa. Manja amene analakwa ndi omwewo akonze. Pa chikondwerero cha ufulu, amayi onse a nthambi yathu akavine atavala duwa pachifuwa. Lofiira, lobiriwira ndi lakuda."

"Lakuda, bambo? Duwa lakuda sindinalionepo."

"Mulionera m'manja mwanu. Mbendera mukuidziwa?"

"Nanga ulusi?"

"Wolapa safunsa ulusi, mayi."

A Nachisale anayamba kuluka mvula isanathe. Anagulitsa nkhuku, kenako mbuzi, kugula majuzi akale pamsika. Ulusi wakuda ndiwo unawapweteka kwambiri, chifukwa mabowo ake saoneka, ndipo ankachita kukhala padzuwa la masana ataweramira pafupi, misozi ikutsika yokha. Wofiira utasowa anatsegula sutikesi n'kutulutsa juzi la Kalebe limene ankasungira tsiku lobwera. Analimasula kuyambira m'manja. Anandiuza kuti mumtima ankati, akabwera ndidzamulukira lina.

Pa chikondwerero amayi a nthambi yathu anaposa anzawo onse. Alendo a ku boma anafunsa za maluwawo, ndipo akazi a a Yeremiya anaitanidwa kutsogolo kukalandira chitenje monga mwini luso. A Nachisale anauzidwa kuti asaoneke pabwalo. Mawa lake anapita ku golosale.

"Akuluakulu akondwa," anatero a Yeremiya. "Dzina la mwana wanu ndalitchula. Koma mtengo saugwetsa ndi nkhwangwa imodzi. Chaka chamawa tikufuna okongoletsanso nsanja."

Zinapitirira choncho chaka ndi chaka. Ana asukulu ankawapeza pakhonde akuluka, ndipo ena ankafuna kuima kuti aone mmene duwa limatulukira m'kachingwe, koma makolo anali atawaletsa. Ankangodutsa pang'onopang'ono, khosi litatembenuka. Zala za a Nachisale zinapindika, maso anachita chifunga, mpaka ankaluka mongopapasa. Komabe maluwa awo sanatsike. Ankati duwa loipa lingakwiyitse akuluakulu, mwana n'kuonjezeredwa zaka. Lililonse lokhota ankalimasula n'kuyambanso.

Mu 1977 anthu ena amene anatsekeredwa anamasulidwa. A Nachisale anasesa m'chipinda cha Kalebe, kuzira pansi, n'kumakhala akuyang'ana kumsewu. Sanabwere. Patapita miyezi, m'mawa wina akukolola nyemba kumunda, anaona munthu wowonda ataima m'malire ngati wofunsa njira. Anati dzina lake ndi Andireya, wa ku Nachisaka.

"Ndinu mayi ake a Kalebe, wamanzere uja?"

A Nachisale anagwetsa dengu. "Ali kuti? Akubwera?"

Andireya anakhala pamzere, nayang'ana uku ndi uku. "Mayi, potitulutsa anatilumbiritsa kuti tikanena za kumeneko tibwerera. Ndakhala ndikulimbana nazo mumtima. Tinkagona mphasa imodzi. Anadwala m'mimba mvula yoyamba, chaka chomwe anabweracho. Sanafike Khirisimasi."

"Chaka chomwecho?"

"Chomwecho. Ine ndi amene ndinamutseka maso."

"Ayi, a tcheyamani akhala akumutchula kwa akuluakulu. Chaka chathachi anati ali bwino, wanenepa."

Andireya anatola kamtengo, nakathyola. "Katundu wake anamutumiza kwa tcheyamani wa kwanu kuti akupatseni. Woyang'anira ndende anatiuza yekha. Jekete ndi nsapato zakuda." Anaimirira. "Chonde mayi, ndili ndi ana. Mukalira, adzafunsa kuti wakuuzani ndani. Anthu andiona ndikukwera phiri lino."

Kwathu maliro samalira munthu mmodzi. Mayi akafuula, mudzi wonse umasonkhana, uthenga umapita kwa abale, anthu amagona pasiwa, pambuyo pake n'kumeta. A Nachisale sanachite chilichonse mwa zimenezi. Anatola nyemba zimene zinatayika, kupita kunyumba, kukhala pakhonde. Chikondwerero chinali chitayandikira, ndipo maluwa akuda anali asanakwane. Anadziwa kuti akasiya kuluka, a Yeremiya adzafuna kudziwa chifukwa chake, ndipo sadzavutika kuchipeza. Anatenga sipoko yawo. Ngakhale Ester, amene anali akudikirabe kwawo ku Dzoole, sanamutumizire mawu. Zonsezi anadzandiuza patapita zaka zambiri, Andireya atamwalira ndi ukalamba.

Maluwa atakwana anawaika m'lichero, kuphimba ndi kansalu, n'kusenza kupita ku golosale. Anagwada pakhonde monga mwa masiku onse, maso pansi. A Yeremiya anatuluka n'kuima patsogolo pawo. Anali atavala nsapato zakuda, zakutha kuchidendene. A Nachisale anaziyang'anitsitsa, koma za Kalebe anaziona tsiku limodzi lokha, la ukwati lija, ndipo maso awo anali atafooka. Sanathe kudziwa.

A Yeremiya anavundukula lichero, natola duwa limodzi, kulitembenuza.

"Dzanja lanu silikalamba, mayi. Mwamva kuti ena atuluka?"

"Ndamva, bambo."

"Musataye mtima. Wanuyo anatsala pang'ono. Ndinalankhula ndi akuluakulu dzana, akuti mwana wanu akupereka moni. Chaka chamawa mudzaonjezere ofiira."

"Zikomo, bambo," anatero a Nachisale. Anadikira kuti akhuthule maluwawo, analandira lichero lawo ndi manja awiri, n'kubwerera kunyumba.