Ulendo wa ku Khondowe

Mpaka lero fungo la fodya wouma likasakanikirana ndi la petulo ndimakumbukira dzinja lotsiriza la amayi, ndi miyezi yozizira imene inatsatira. Tinkakhala ku Kaluluma. Kuseri kwa nyumba kunali chigafa chodzaza fodya, ndipo pambali pake pankaima galimoto ya abambo, pikapu yoyera yokalamba imene chitseko chake chimodzi chinkamangidwa ndi waya. M'mudzi monse munalibenso ina. Ine, Tiyamike, ndinali mtsikana wa Sitandade 4, wapakamwa komanso wosachedwa kupsa mtima.

Amayi anabadwira ku Khondowe, kumene ena amati ku Livingstonia, tauni yakale ya mishoni pamwamba pa phiri. Chikwatiwireni anali asanabwerereko, chifukwa fodya salola munthu kuchoka: ukamaliza kusoka wayamba kusankha, ukatumiza mabelo nazale yakudikira. Chaka chimenecho anayamba kuonda ndi kutsokomola, mpaka ndolo zinkaoneka zowalemera. Tsiku lina abambo anabwera kuchokera kuchipatala ali duu, nanena kuti fodya akangochoka tidzapita nawo amayi akaone kwawo.

Ulendowo unayenera kukhala wa tsiku limodzi, poti kunalibe wosiyira ziweto. Anthu ankawaseka abambo kuti chiphapha chimenecho sichingakwere Golodi, msewu wokhotakhota wa paphiripo, n'kubwerako tsiku lomwelo. Abambo ankangogula petulo pang'onopang'ono n'kumathira m'zigubu zimene ankabisa pansi pa masaka. Masana, tikamasankha fodya pamphasa, ankajambula msewu pansi ndi kamtengo: apa pa Jenda, apa m'Chikangawa, apa Mzuzu pomwera tiyi, kenako kutsika ku Chiweta. Amayi, atafunda bulangete padzuwa, ankawakonza. "Mwathamanga, bambo a Tiyamike. Pa Chitimba m'pamene mukhotere, ndipo injini muipumitse kaye." Akatero maso awo ankawala. Ankatiuza za belu la tchalitchi lomveka mpaka m'zigwa, nkhungu yolowa m'nyumba ngati mlendo, mathithi a Manchewe ndi phanga la kuseri kwa madzi. Ine, mwana wa kuchidikha kumene chulu timachiyesa phiri, ndinkangoti kukamwa yasa.

Koma galimoto ya m'mudzi si ya mwini wake. Loweruka loyamba, nkhuku itakazingidwa kale, kunabwera amuna awiri zipewa zili m'manja: gogo wina wamwalira kuchipatala cha ku boma, thupi lifike. Abambo anayang'ana amayi. "Pitani," anatero amayi, "maliro sadikira." Chigubu chimodzi chinapita. Sabata ina anali mayi wodwala matenda a uchembere, kenako mwana wolumidwa ndi njoka cha ku Chamama. Palibe amene ankabwezera petulo, ndipo kufunsa kukanakhala manyazi. Ndinkadana nawo anthu amenewo. Ndikaona munthu akugwada pakhomo pathu ndinkalakalaka kumuponya chikuni, ndipo nkhuku za ulendo tinkazidyera pakhonde, ine ndikulira.

Kenako linafika Loweruka limene sikunabwere munthu. Fodya anali atapita, zigubu zili zodzaza, matiresi atayalidwa kumbuyo, ine nditavala diresi la kutchalitchi. Amayi anatuluka atagwira khoma, nafika pagalimoto, n'kuika dzanja pachitseko. Anaima pamenepo nthawi yaitali. "Lero kwazizira, mwana wane," anandiuza. "Kumwamba kuja nkhungu itseka zonse, sitikaona kanthu. Tidikire kutenthe." Abambo sanatsutse. Anatsitsa matiresi aja mwakachetechete. Ine ndinapsa mtima kwambiri moti tsiku lonse amayi sindinawalankhule, ndipo masana ake ndinawamva akuwafunsanso abambo kuti pa Jenda tidzafika dzuwa lili pati.

Amayi anamwalira kusanatenthe, mitengo ya msasa isanaphuke. Poti abambo anawalowola, manda awo anali a kwathu konkuno, koma sakanaikidwa abale awo asanafike. Akuluakulu anati wamasiye sachoka pasiwa, patumidwe wina. Wina wake ndani, poti wodziwa kuyendetsa chiphapha chija anali iwo okha? Ananyamuka m'mamawa ndi petulo yemwe uja, ife tikumva kulira kwa injini kukuzimirira kumpoto. Dzuwa likulowa galimoto inatulukira, fumbi lofiira lili mbali zonse. Kumbuyo kunali amalume ndi anthu ena osawadziwa, ndipo pampando wakutsogolo panakhala mng'ono wawo wa amayi, wa nkhope yomweyo. Ndinathamanga ndisanaganize, kenako ndinaima. Abambo anatsika, nandigwira phewa, n'kunena motsitsa mawu: "Zimatheka tsiku limodzi."

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti anthu a m'mudzi anawabera amayi ulendo wawo, ndipo kuti amayiwo anautayanso okha chifukwa choopa kuzizira. Ndakula tsopano, ndadwazikapo anthu, ndipo ndikudziwa mmene munthu amaimira akamayesa mphamvu zimene zamutsalira. Pa chitseko paja amayi anazindikira kuti sangafike ngakhale pa Jenda, ndipo abambo anazindikira nawo limodzi. Chimene anakwanitsa chinali msewu wojambulidwa pansi uja, ndipo umenewo anauyenda tsiku lililonse mpaka mapeto. Ine galimoto ndili nayo, ana anga amandifunsa kuti tidzapita liti ku Khondowe, kwawo kwa agogo awo. Ndimawauza kuti tidikire kutenthe.