Chala Chouma cha Telala wa ku Bangwe

Tsiku limene a Gregorio anachotsedwa ntchito, anayenda wapansi kuchokera ku Limbe mpaka ku Bangwe, dzanja lamanja atalikumbatira pachifuwa. Munali mu 1995. Bambo wa ana anayi ameneyu anachokera ku Nsanje, ndipo anatha zaka khumi ndi zitatu akudula nsalu pa fakitale ina ya zovala.

Vuto linayamba ndi chala chapakati. Akachipinda pogwira sizasi, chinkakanirira pomwepo mpaka achikoke ndi dzanja linalo, n'kumveka thwa! Kuchipatala anati mtsempha wokoka chalacho watupa, ukukodwa m'njira yake. Anawang'amba pang'ono pachikhatho, n'kuwauza kuti apume masabata angapo.

Koma a Gregorio anaopa kuti malo awo apatsidwa wina. Patangotha masiku anayi, anabwerera pa ntchito. Ulusi umene anasokera pachikhatho unaduka, bala linachita mafinya, dzanja n'kutupa ngati chitumbuwa. Anagonekedwa m'chipatala masabata awiri. Bala litapola, chala chinali chitauma gwa, osapindika.

"Telala wosagwira sizasi titani naye?" anatero kapitawo, uku akuwaonetsa geti.

Kunyumba ankangokhala pakhonde, ndwii. Anansi ankanong'onezana kuti anzawo a kuntchito anawalodza, ndipo iwonso anayamba kukhulupirira. Koma akazi awo, mayi Monika, amene ankagulitsa tomato kumsika, anatopa nazo.

"Bambo a Tithokoze, pa kadi yanu analemba kuti mubwererenso kuchipatala. Mwayala maliro chala chisanafe? Nyamukani."

Kuchipatala anakumana ndi mayi Hajara, amene ankathandiza odwala kulimbitsa ziwalo. Mayiwo anachipinda chala chija pang'onopang'ono mpaka a Gregorio misozi mbwe.

"Mwamva kuwawa? Ndiye kuti chili moyo," anatero mayi Hajara. "Chipsera ndi chimene chamata mtsempha. Ine ndikuonetsani njira, koma ntchito ndi yanu, bambo."

M'mawa uliwonse ankaviika dzanja m'madzi ofunda, kutikita chipsera ndi mafuta, kenako kufinya mpira wa nsanza. Masana ankatola nyemba imodziimodzi, kuchotsa m'lichero kuika m'kapu. Mwezi woyamba unapita popanda chosintha. Tsiku lina anaugenda mpirawo kuseri kwa bafa ndi ukali, koma mtima utatsika anakautola okha. Mwezi wachitatu anagwira supuni. Mwezi wachisanu anafumbata chibakera, n'kuthamangira kumsika kukawaonetsa akazi awo, anthu n'kumayesa kuti akukayambitsa ndewu.

Nthawi yomweyo kwaya ya kuparishi kwawo inkafuna yunifomu yatsopano. Mayi Monika anatchula dzina la amuna awo.

"Nanga akatiwonongera nsalu?" anafunsa wapampando wa kwaya.

"Ndikawononga, mudzandiimbe m'tchalitchi," anayankha a Gregorio.

Anabwereka makina kwa alamu awo. Analowetsa sizasi m'nsalu, n'kudula pang'ono. Anapuma, n'kuyambiranso. Ntchito imene kale ankaitha pa masiku anayi inawatengera masabata atatu, koma palibe diresi kapena shati limene linalakwika.

Lamulungu la chikondwerero, oimba makumi anayi analowa akuvina, atatchena kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Misa itatha, wapampando anawakokera a Gregorio pakati pa anthu n'kukweza dzanja lawo m'mwamba.

"Atelala amene mumafunsa aja ndi awa!"

Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu.

Pofika 1998, a Gregorio anali ndi shopu yawoyawo pamsika wa Bangwe, makina atatu ndi amayi awiri ophunzira kusoka. Chala sichinabwerere mwakale kotheratu. Pachipsera panatsala dzanzi, ndipo mu Juni chinkalimba mpaka dzuwa litakwera. Koma masuti a ukwati ankachokera ku Machinjiri ndi ku Chilomoni kudzafuna dzanja lomwelo.

Inu amene mwatuluka m'chipatala koma thupi silinamvere, musadziweruze msanga. Mverani malangizo, bwererani akakuitanani, ndipo chitani kochepa kamene mungathe lero. Kuchedwa kuchira si kulephera. Musataye mtima, mawa m'mawa yambaninso.