Zitenje za Jessie

Inu amene muli ndi wodwala m'nyumba, imvani za Jessie wa ku Mlangeni ndi mwamuna wake Silvester.

Jessie anamupeza ndi khansa ya m'mawere. Bere limodzi analichotsa, ndipo adokotala ku Lilongwe anati azipita kukalandira mankhwala a m'diripi maulendo asanu ndi limodzi. Pofika ulendo wachitatu, tsitsi linali litasosoka lonse. Chilichonse chimene wadya chinkabwerera.

Mmawa wina anaitana mng'ono wake Malita, natsegula sutikesi. Zitenje zake zonse anamupatsa. Yunifomu yoyera ya Mvano anaipinda payokha, kuti akadzatsikira kuli chete adzamuveke imeneyo. Kwathu kuno zovala za munthu timagawa maliro atatha, koma Jessie anayamba kugawa yekha akupenya.

Kenako anaitana Silvester, yemwe anali kumunda akukwezera mbatatesi. Silvester ndi mkamwini, kwawo ndi ku Nsipe.

"Bambo ake a Atikonda, ku Lilongwe sindipitanso, ndatopa. Ndakusudzulani. Bwererani kwanu mukapeze mkazi wamphumphu."

Silvester anatsamiritsa khasu pakhoma.

"Kusudzula amasudzula munthu amene mkazi wake ali kumanda. Inuyo mukuyankhula. Lachiwiri tikwera minibasi."

"Andiperekeza ndani? Malita ali ndi khanda."

"Ineyo."

Musaganize kuti zinali zophweka. Silvester ndi munthu woti chikwatirire anali asanagwireko mthiko. Kuchipatala, kukhitchini ya magadiyani, kumene odwazika matenda amaphikira, kunali amayi okhaokha, mwamuna yekha iye. Phala lake loyamba linali la mibulu ngati mbatatesi zake zomwe. Amayi anaseka mpaka kugwira nthiti.

Iye sanathawe. Anapita kwa mayi amene anaseka kwambiri, nati, "Mwaseka zokwanira, tsopano ndiphunzitseni." Tsiku lachitatu phala linayamba kumweka.

Anaphunziranso zina. Kuchapa nsalu zosanzira. Kumwetsa madzi ndi supuni, pang'onopang'ono. Kukhala chete Jessie akamukalipira popanda chifukwa, podziwa kuti ukuyankhula ndi ululu. Kupemphera kwake sikunali kotalika, pajatu sanakhalepo mkulu wa mpingo. Ankangogwira dzanja la mkazi wake n'kunena kuti, "Ambuye, tithandizeni lero lokha. Za mawa tidzabweranso."

Ulendo wachisanu, anawabweza. Magazi a Jessie anali ochepa moti sakanalandira mankhwala. Pobwerera, Silvester anatsika minibasi n'kukalira kuseri kwa golosale, chifukwa mantha anali nawo ndithu. Atapukuta m'maso anabwera ndi nthochi ziwiri. Sabata yotsatira anapitanso.

Kumudzi ena ankati Jessie anamudyetsa mwamuna wakeyo mankhwala achikondi. Munda wa mbatatesi unalowa tchire chaka chimenecho. Silvester ankangoti, "Munda ndidzalimanso."

Maulendo onse anakwana. Atamuunika, adokotala anati chotupa sichikuonekanso, koma azibwera miyezi itatu iliyonse. Sanalonjeze zambiri, ndipo inenso sindikunamizani kuti aliyense amachira.

Tsitsi litayamba kumera, Jessie anayenda yekha mpaka kwa Malita.

"Iwe, zitenje zanga zija bweza."

Malita anakatulutsa mtolo uli chimangire. Sanavaleko n'chimodzi chomwe.

"Alamu anandiuza kuti ndingosunga, mwiniwake adzazifuna."

Jessie anakhala pansi n'kulira. Lachinayi lotsatira anavala yunifomu yoyera ija, osati m'bokosi, koma wapansi kupita ku Mvano.

Wodwala wanu akatopa, ndi nthawi yoti inu mumuyembekezerere. Simufunika kukhala dokotala kapena m'busa. Mutengereni kuchipatala, musadumphitse tsiku, phunzirani ngakhale kuphika phala. Akayamba kugawa zitenje, inu sungani mtolo. Osataya mtima, mwiniwake akanali moyo.