Mchere wa pamasitepe

Amalume, chipale chofewa chagwa koyamba chaka chino, ndipo m'mawa uno nditanyamula thumba la mchere wosungunulira ayisi pamasitepe a tchalitchi, ndinangoima n'kukuonani. Mukukumbukira Lamlungu lija kutsidya la nyanja kuno ku Etobicoke, pa holo yathu ya lendi pafupi ndi bwalo la ndege? Mpingo unali utatsala pang'ono kutha, anthu atasamukira ku Brampton. Ndinakupezani panja n'kunena kuti, "Amalume, tingokansela mapemphero basi. Abwere ndani kuzizira kotereku?" Simunandiyang'ane n'komwe. Munapitiriza kuwaza mchere pamasitepe, magolovesi anu obooka aja ali m'manja. "Mphwanga," munatero, "Aisiraeli sankapereka nsembe yopanda mchere. Mulungu woyera uja anachita nawo pangano la mchere, chifukwa mchere suwola. Iwo ankamuthawa, Iye osasuntha. Ndiye ife titseke khomo lake chifukwa cha kuzizira? Gwira fosholo." Tsiku limenelo tinaimba anthu owerengeka, mawu akubwerera m'makoma.

Koma lero, Amalume, mipando yatithera! A ku Chipata, a ku Dedza, a ku Mulanje, ena ataimirira mpaka pakhomo, majekete ali mulu pakona. Ndipo Tadala, mwana wanga uja ankakuyankhani m'Chingelezi chokhachokha, ndiye amatsogolera nyimbo m'Chichewa, holo yonse n'kugwedezeka. Munapita musanazione izi, koma munazidziwa kale tsiku lija. Usani mumtendere, mwapambana. Khomo lija silinatsekedwe, palibe amene waterereka pamasitepe, ndipo mchere uja sunawole.